2,147,483,647: nambala imene Euler anaiyesa pamanja, imenenso makompyuta amagundapo mutu

Tengani pensulo mulembe nambala iyi pamwamba pa tsamba: 2,147,483,647. Poiwerenga timati mabiliyoni awiri, mamiliyoni 147, masauzande 483, ndi 647. Kungoiona chabe palibe chachilendo. Ilibe maziro ambiri ngati biliyoni, ndipo wina akhoza kuyesa kuti ndi nambala ya foni. Koma kuyambira 1772, kwa zaka zoposa 70, imeneyi ndiyo inali prime number yaikulu kwambiri imene anthu ankaidziwa. Yomweyi ndi imene inatchuka pa YouTube mu 2014, ndipo ndi yomweyinso imene makompyuta ena akale adzasokonezekerepo m'mawa wa pa 19 Januwale 2038.

Nkhani ya ma prime ndi nkhani ya makompyuta zimaoneka ngati zosayenderana, koma pa nambala iyi gwero lake ndi limodzi. Ndikufuna ndikuonetseni gwerolo. Calculator ikhale pafupi, chifukwa malo angapo ndikupemphani kuti muyese nokha.

Kodi ndi yaikulu bwanji?

Yerekezani kuti mukuwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, osagona, osadya. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400. Mukagawa 2,147,483,647 ndi 86,400 mupeza masiku pafupifupi 24,855, zomwe ndi zaka 68 ndi masiku ochepa. Mwana amene wayamba kuwerenga tsiku lobadwa akamaliza ali agogo. Zaka 68 zimenezi muzisunge, tikumana nazonso kumapeto.

Tiyambe kuiyeza

Akatswiri a masamu akakumana ndi nambala amaifunsa mafunso, ngati mmene dokotala amachitira ndi wodwala. Funso loyamba nthawi zonse ndi lakuti, kodi ikugawika ndi chiyani?

Ikuthera ndi 7, ndiye ndi odd number, 2 sangaigawe. Sikuthera ndi 0 kapena 5, ndiye 5 naye watuluka. Za 3 mukudziwa kale: timawonkhetsa madijiti onse. 2 + 1 + 4 + 7 + 4 + 8 + 3 + 6 + 4 + 7 ikutipatsa 46. Popeza 46 sagawika ndi 3, nambala yathu nayonso sigawika ndi 3, ngakhalenso ndi 9. Za 11 timayambira kumanja, n'kumachotsera ndi kuwonkhetsa mosinthanasinthana: 7 − 4 + 6 − 3 + 8 − 4 + 7 − 4 + 1 − 2 = 12. Tikagawa 12 ndi 11 patsala 1, ndiye 11 nayenso walephera.

Mukhoza kupitiriza ndi 7, 13, 17, 19, koma ndikuuziranitu kuti simupeza kanthu. Nambala iyi ndi prime, ma factor ake ndi awiri okha: 1 ndi iyo yomwe. Kungonena n'kosavuta. Chovuta ndi kutsimikizira, makamaka kwa munthu wa m'zaka za m'ma 1700 amene analibe makina alionse. Kuti timvetse mmene zinathekera, tiyenera kuivula nambalayi malaya amene yavala.

Maonekedwe ake enieni

Yambani ndi 2, muzichulukitsa ndi 2 mobwerezabwereza: 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256, 512, 1,024. Apa mwafika pa 2¹⁰. Pitirizani: 2²⁰ ndi 1,048,576, 2³⁰ ndi 1,073,741,824, ndipo 2³¹ ndi 2,147,483,648. Chotsanipo 1. Mwaona? Nambala yathu ndi 2³¹ − 1.

Tsopano tiilembe mu binary, kalembedwe kamene kamagwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi. Pa kalembedwe kathu ka masiku onse malo a madijiti amayenda 1, 10, 100, 1,000. Mu binary amayenda 1, 2, 4, 8, 16. Choncho 7, amene ndi 4 + 2 + 1, amalembedwa 111. 15, amene ndi 8 + 4 + 2 + 1, amalembedwa 1111. 31 amalembedwa 11111. Nambala iliyonse ya mtundu wa 2ⁿ − 1 imakhala mzere wa ma 1 okhaokha, chimodzimodzi mmene 999 alili 10³ − 1 pa kalembedwe kathu. Ndiye 2,147,483,647 mu binary ndi iyi:

1111111111111111111111111111111

Ma 1 okwana 31, popanda ziro ngakhale mmodzi. Zonse zimene ndikambe kuchokera pano zikuchokera pa mzere umenewu.

Choyamba, onani chifukwa chake 31 ali wofunika. Tengani 2⁶ − 1 = 63, amene mu binary ndi 111111. Ma 1 asanu ndi mmodziwa mukhoza kuwadula awiriawiri: 11 11 11. Izi zikutanthauza kuti 11 wa binary, amene ndi 3, akugawa 63, ndipo n'zoona, 63 = 3 × 21. Mukhozanso kuwadula atatuatatu: 111 111, kutanthauza kuti 7 akugawa 63, ndipo 63 = 7 × 9. Lamulo lake ndi ili: ngati mzere wa ma 1 ungadulike m'magulu ofanana, nambalayo si prime. Choncho 2ⁿ − 1 ingakhale prime pokhapokha n nayenso ali prime. Ma 1 okwana 31 simungawadule m'magulu ofanana chifukwa 31 ndi prime, ndiye nambala yathu yadutsa pa chipata choyamba.

Koma chenjerani, kudutsa pa chipata choyamba si kufika. 11 ndi prime, koma 2¹¹ − 1 = 2,047 = 23 × 89. Yesani pa calculator muone. Munthu wina dzina lake Hudalricus Regius anaonetsa zimenezi mu 1536.

Banja la Mersenne

Ma prime a mtundu wa 2ⁿ − 1 amatchedwa Mersenne primes, potengera dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene ankalemberana makalata ndi akatswiri ambiri a nthawi yake. Oyambirira m'banjali ndi awa: 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071, 524,287, kenako 2,147,483,647. Ma n awo ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19 ndi 31. Nambala yathu ndi yachisanu ndi chitatu pa mzerewu.

Mu 1588 Pietro Cataldi wa ku Bologna, ku Italy, anatsimikizira kuti 131,071 ndi 524,287 ndi ma prime, pochita kugawa ndi ma prime aang'ono mmodzimmodzi. Kenako ananena kuti n akakhala 23, 29, 31 kapena 37 zikhalanso chimodzimodzi, koma apa sanayese. Pa zinayizo zitatu zinali zolakwika. Mwachitsanzo 2²³ − 1 = 8,388,607 = 47 × 178,481. Mu 1644 Mersenne naye anatulutsa mndandanda wake: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Panapita zaka mazana kuti anthu amalize kuufufuza, ndipo zinapezeka kuti 67 ndi 257 anawaika molakwika, pomwe 61, 89 ndi 107 anawadumpha. Mu 1903 Frank Nelson Cole wa ku America anaonetsa pa bolodi, pamaso pa akatswiri anzake ku New York, kuti 2⁶⁷ − 1 = 193,707,721 × 761,838,257,287.

Ndiye Cataldi ndi Mersenne onse anati 2³¹ − 1 ndi prime, koma onse awiri analakwitsa pa manambala ena. Mawu awo sakanakwana kukhala umboni. Pa masamu dzina la munthu silitsimikizira kanthu, pamafunika njira imene wina aliyense angaitsatire n'kufika pa yankho lomwelo.

Mmene Euler anachepetsera ntchito

Leonhard Euler anabadwira ku Basel, ku Switzerland, mu 1707. Pofika 1772 ankakhala ku St Petersburg, ku Russia, ndipo maso ake anali atatsala pang'ono kuferatu. M'chaka chimenecho analembera kalata Bernoulli yomuuza kuti watsimikizira kuti 2³¹ − 1 ndi prime. Sanachite kugawa ndi manambala mabiliyoni awiri ayi. Anayamba wachepetsa ntchitoyo ndi nzeru, n'kugawa pomaliza. Tiyeni titsate mapazi ake.

Kuchepetsa koyamba ndi kwa square root. Ma factor amayenda awiriawiri. Tengani 36: 2 × 18, 3 × 12, 4 × 9, 6 × 6. Pa awiri alionse, mmodzi saposa 6, amene ndi square root ya 36. Ndiye ngati mwafufuza mpaka pa square root osapeza factor, kutsogoloko kulibenso, chifukwa wamkulu aliyense akanakhala ndi mnzake wamng'ono amene mukanamupeza kale. Pa nambala yathu, 46,340 × 46,340 = 2,147,395,600, yomwe ikuchepa pang'ono, pomwe 46,341 × 46,341 = 2,147,488,281, yomwe yapitirira. Choncho tiyenera kuyesa mpaka 46,340 basi. Tachoka pa mabiliyoni awiri tafika pa masauzande 46.

Kuchepetsa kwachiwiri: tiyese ma prime okha. Ngati 2 walephera, 4, 6 ndi 8 sangathe. Ngati 3 walephera, 9 ndi 15 sangathe. Ma prime osaposa 46,340 alipo pafupifupi 4,800. Ntchito yachepa, komabe kugawa nambala ya madijiti khumi ka 4,800 pamanja, osaphonya ngakhale kamodzi, si masewera.

Kuchepetsa kwachitatu kunachokera kwa Pierre de Fermat mu 1640, ndipo apa ndikufuna tidekhe pang'ono chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi. Tengani 23, amene tikudziwa kuti amagawa 2¹¹ − 1. Yambani ndi 2, muzichulukitsa ndi 2, koma yankho likafika pa 23 kapena kuposa, muzichotsapo 23 n'kusunga zotsala zokha. Mupeza 2, 4, 8, 16, 9, 18, 13, 3, 6, 12, 1. Werengani: masitepe 11, ndipo mwafika pa 1. Mukapitiriza mubwereranso pa 2, 4, 8, n'kumazungulira momwemo ngati teyala la njinga. Kufika pa 1 pa sitepe ya 11 kukutanthauza kuti 2¹¹ akagawidwa ndi 23 patsala 1, n'chifukwa chake 23 amagawa 2¹¹ − 1 popanda chotsala.

Chimene Fermat anaona n'chakuti kutalika kwa kuzungulira kumeneku nthawi zonse kumagawa nambala imene yachepa ndi 1 pa prime amene mukugawirayo. Pa 23 kuzungulira kuli ndi masitepe 11, ndipo 11 amagawa 22. Yesani ndi 7: mupeza 2, 4, 1, masitepe atatu, ndipo 3 amagawa 6. Yesani ndi 31: 2, 4, 8, 16, 1, masitepe asanu, ndipo 5 amagawa 30.

Tsopano tiyerekeze kuti kuli prime wina, timutche q, amene amagawa 2³¹ − 1. Ndiye kuti pa sitepe ya 31 tikhala tili pa 1. Popeza timafika pa 1 pokhapokha tikamaliza kuzungulira, kutalika kwa kuzungulirako kuyenera kugawa 31. Koma 31 amagawika ndi 1 ndi 31 basi, ndipo sitepe imodzi singatifikitse pa 1. Ndiye kutalikako ndi 31 yeniyeni. Malinga ndi lamulo la Fermat, 31 ayenera kugawa q − 1. Komanso q ndi odd, ndiye q − 1 amagawika ndi 2. Tikaphatikiza ziwirizi, q − 1 amagawika ndi 62. Choncho q ayenera kupezeka pa mzere uwu: 63, 125, 187, 249, 311, 373, kumangowonjezera 62. Manambala otere osaposa 46,340 alipo 747 okha. Onani kuti lamuloli likugwiranso pa zitsanzo zathu zija: pa 2¹¹ − 1, 23 = 22 + 1 ndipo 89 = 4 × 22 + 1. Pa 2²³ − 1, 47 = 46 + 1.

Kuchepetsa kwachinayi: prime aliyense wogawa nambala ya mtundu umenewu, akagawidwa ndi 8, pamatsala 1 kapena 7. Yesani 23, patsala 7. 89, patsala 1. 47, patsala 7. Umboni wa lamuloli ndi wa ku yunivesite, koma kuligwiritsa ntchito n'kosavuta. Pa mzere wathu uja, 63 akusiya 7, ndiye akhala. 125 akusiya 5, watuluka. 187 akusiya 3, watuluka. 249 akusiya 1, akhala. Theka la mzerewo lagwa, ndipo otsala onse ndi a mtundu wa 248n + 1 kapena 248n + 63. Mukachotsa 63 amene mwachidziwikire si prime, atsala 372. Mwa amenewa ambiri si ma prime: 249 = 3 × 83, 497 = 7 × 71, 559 = 13 × 43. Ma prime enieni safika ngakhale 100. Oyamba ndi 311, 1,303 ndi 1,489.

Yesani woyambayo. 311 × 6,905,092 = 2,147,483,612, ndipo patsala 35. Ndiye 311 sagawa. Kugawa kotere ndi kumene kunatsala, ndipo palibe ngakhale kumodzi kumene kunatha popanda chotsala. Ntchito ya mabiliyoni awiri inasanduka ya masamu osakwana 100 a long division, amene wophunzira wa Fomu 1 wodekha angawathe pa holide imodzi. Ine pamenepa ndi pamene ndimaona ubwino wa masamu. Nthawi imene mwatha poganiza musanayambe kuwerengetsa imakubwezerani kambirimbiri, ndipo pa mayeso zilinso chomwecho.

Magulu ena amene nambalayi ilimo

Taona kuti ndi odd, ndi prime, ndiponso ndi Mersenne prime. Palinso gulu lina laling'ono kwambiri. 31 mwiniwakeyo ndi Mersenne prime, chifukwa 31 = 2⁵ − 1. Nambala imene ili 2ⁿ − 1 pomwe n nayenso ndi Mersenne prime imatchedwa double Mersenne. Mwa zoterezi, zimene zikudziwika kuti ndi ma prime zilipo zinayi zokha: 7, 127, 2,147,483,647 ndi 2¹²⁷ − 1, ya madijiti 39, imene Édouard Lucas wa ku France anaitsimikizira mu 1876.

Nambala yathu ilinso ndi mwana wake. Agiriki akale ankachita chidwi ndi manambala amene ma factor ake, kupatula nambalayo, akawonkhetsedwa amabweza nambala yomweyo. 6 = 1 + 2 + 3. 28 = 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Amenewa amatchedwa perfect numbers. Cha m'ma 300 BC, Euclid anaonetsa kuti Mersenne prime aliyense amabala perfect number: tengani 2ⁿ − 1 muchulukitse ndi 2ⁿ⁻¹. Choncho 3 × 2 = 6, 7 × 4 = 28, 31 × 16 = 496, 127 × 64 = 8,128. Euler anatsimikiziranso mbali inayo, kuti perfect number iliyonse yogawika ndi 2 imabadwa motero, palibe njira ina. Ndiye atatsimikizira kuti 2³¹ − 1 ndi prime, anapezeratu perfect number yachisanu ndi chitatu: 2,147,483,647 × 1,073,741,824 = 2,305,843,008,139,952,128.

Mu 1811 Peter Barlow wa ku England analemba m'buku lake la masamu kuti perfect number imeneyi mwina idzakhala yaikulu kwambiri imene anthu adzaipeze, poti manambala otere ndi ongochititsa chidwi, alibe ntchito, ndiye palibe amene adzavutike kufufuza kupitirira apo. Analosera molakwika pawiri. Anthu anapitirira, ndipo 2,147,483,647 inapeza ntchito imene Barlow sakanailota.

Pamene kompyuta imathera malo

Kompyuta imasunga nambala mu timaswichi ting'onoting'ono totchedwa ma bit. Bit iliyonse imakhala yoyaka kapena yozima, 1 kapena 0. Kwa zaka zambiri makompyuta ndi mapulogalamu ankapereka ma bit 32 pa nambala imodzi. Pofuna kuti manambala a negative nawonso asungike, bit yakumanzere kwenikweni imasonyeza chizindikiro: ikakhala 0 nambalayo si negative, ikakhala 1 ndi negative. Atsala ma bit 31. Nambala yaikulu kwambiri imene ingakwanemo ndi pamene onse 31 ayaka. Ma 1 okwana 31. Tabwerera pa mzere wathu uja.

Nanga mukawonjezera 1 pamenepo chimachitika n'chiyani? Munaonapo mita yowerenga makilomita pa galimoto yakale. Ikafika pa 99999 n'kuyendanso kilomita imodzi, imabwerera pa 00000 chifukwa ilibe malo ena. Pa kompyuta zimaipa kuposa apo. Tiyese ndi ma bit anayi kuti zioneke bwino. 0111 ndi 7. Wonjezerani 1: ma 1 onse atatu asanduka 0, ndipo 1 wosenzedwayo akagwera pa malo a chizindikiro. Mupeza 1000, imene kompyuta imaiwerenga kuti −8. Pa ma bit 32 n'chimodzimodzi: 2,147,483,647 kuwonjezera 1 imasanduka −2,147,483,648. Vuto limeneli amalitcha overflow, kusefukira, ndipo nthawi zambiri kompyuta sidandaula n'komwe, imangopitiriza ntchito ndi nambala yolakwikayo.

Mu Disembala 2014, vidiyo ya nyimbo ya Gangnam Style ya Psy, woimba wa ku South Korea, inapitirira malire amenewa pa kuchuluka kwa maulendo amene inaoneredwa. A YouTube analengeza kuti asamutsira kawerengedwe kawo pa ma bit 64, pamene malire ake ndi 2⁶³ − 1, yomwe ndi 9,223,372,036,854,775,807. Imeneyo inali nkhani yoseketsa, palibe amene anavulala.

Ina sinali yoseketsa. Mu 2015 bungwe loyang'anira za ndege ku America, FAA, linachenjeza kuti pa ndege za Boeing 787, zipangizo zoyendetsa majenereta zikakhala zoyaka masiku 248 osazimitsidwa, kauntala ya mkati mwa pulogalamu yake imasefukira, ndipo majenereta akhoza kuzima ngakhale ndege ili m'mwamba. Vutoli linapezeka poyesa mu labu, ndipo analamula kuti magetsi a ndegezo azizimitsidwa nthawi ndi nthawi podikira kuti pulogalamuyo ikonzedwe. Anthu odziwa za makompyuta sanachedwe kuona pamene 248 akuchokera. Ngati kauntala ikuwerenga ka 100 pa sekondi, gawani 2,147,483,647 ndi 100, kenako ndi 86,400. Mupeza masiku 248 ndi theka.

Chaka cha 2038

Tsopano zaka 68 zija. Makompyuta ambiri, makamaka a m'banja la Unix ndi Linux, amadziwa nthawi powerenga masekondi amene apita kuchokera pakati pa usiku wa pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya UTC. Tsiku ndi ola zimene mumaona pa sikirini zimachita kuwerengetsedwa kuchokera pa nambala imodzi imeneyo. Pamene nambalayo ikusungidwa mu ma bit 32 okhala ndi chizindikiro, sekondi ya 2,147,483,647 idzakwana pa 19 Januwale 2038 nthawi ya 03:14:07 UTC. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique idzakhala 05:14:07 m'mawa. Sekondi yotsatira nambalayo idzasanduka negative, ndipo makina oterowo adzayesa kuti tsikulo ndi 13 Disembala 1901.

Musachite mantha kuti dziko lidzaima. Mankhwala ake akudziwika: kusunga nthawi mu ma bit 64, amene angakwane zaka pafupifupi mabiliyoni 292. Makompyuta ndi mafoni ambiri atsopano anasamukira kale kumeneko. Nkhawa ili pa timakompyuta tobisika m'kati mwa makina amene amakhala zaka 20 kapena 30 osasinthidwa, komanso pa mafayilo ndi ma database akale amene anapatula ma bit 32 okha pa malo olembapo nthawi. Wina ayenera kuzifufuza chimodzichimodzi n'kuzikonza nthawi isanakwane. Pofika 2038 ambiri mwa inu mudzakhala muli pantchito, ndipo amene mudzatenge za makompyuta kapena za uinjiniya mukhoza kudzakumana nayo nambala imeneyi maso ndi maso.

Yesani nokha njira ya masiku ano

Njira ya Euler imagwira pa nambala ya madijiti khumi, koma pa nambala ya madijiti mamiliyoni singathandize. Masiku ano amagwiritsa ntchito njira imene anaiyamba Lucas m'zaka za m'ma 1870, n'kuimalizitsa Derrick Lehmer mu 1930. Ndi yophweka modabwitsa. Mukufuna kudziwa ngati 2ⁿ − 1 ndi prime, pomwe n ndi odd prime. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, chotsanipo 2, gawani ndi nambala imene mukuiyesayo, musunge zotsala. Bwerezani zimenezi maulendo n − 2. Mukathera pa 0, nambalayo ndi prime. Mukathera pena paliponse, si prime.

Tiyese 31, pamene n = 5, ndiye maulendo atatu. 4 × 4 − 2 = 14. 14 × 14 − 2 = 194, ndipo tikagawa ndi 31 patsala 8. 8 × 8 − 2 = 62, tikagawa ndi 31 patsala 0. Ndiye 31 ndi prime. Pa 2,147,483,647 pamafunika maulendo 29 okha, ndipo kompyuta imamaliza musanaphethire.

Njira imeneyi ndi imene inathandiza gulu la GIMPS, limene George Woltman analiyambitsa mu 1996, kuti anthu wamba azilumikiza makompyuta awo pa intaneti n'kumasaka ma Mersenne prime limodzi. Mu Okutobala 2024 Luke Durant wa m'gululi anapeza 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, Mersenne prime wa nambala 52 kudziwika, wa madijiti 41,024,320. Komabe mafunso awiri akale kwambiri akadali opanda mayankho kwa akatswiri onse: kodi ma Mersenne prime alibe malire? Nanga kodi ilipo perfect number imene ili odd?

Ndikusiyirani ntchito zitatu. Choyamba, yesani 127 ndi njira ya Lucas ndi Lehmer. Pakufunika maulendo asanu, ndipo ulendo wachiwiri muyenera kupeza 67. Chachiwiri, tengani 2¹³ − 1 = 8,191 muutsimikizire ngati Euler: pezani square root, lembani mzere wa manambala a mtundu wa 26k + 1 osaposa pamenepo, chotsani amene si ma prime ndi amene akulephera lamulo la 8, muone kuti mwatsala ndi kugawa kungati. Chachitatu, makina ena akale ankasunga nambala mu ma bit 16 okhala ndi chizindikiro. Pezani nambala yaikulu kwambiri imene ingakwanemo, kenako, pongoyang'ana kuchuluka kwa ma 1 ake mu binary, nenani ngati ili prime ndipo mutchule ma factor ake awiri. Mayankho anu, pamodzi ndi njira imene mwayendamo, alembeni m'munsimu kuti tidzaonere limodzi.